Mbiri ya Harry Shulman, Mphunzitsi wa Malamulo ndi Nkhoswe ya Anchito

Pakati pa anthu amene mbiri yao iyenera kukumbukika tifuna kuikapo dzina la munthu wa dziko lakutali, ndiye Harry Shulman wa ku America. Iyeyu sanali mfumu, kapena kazembe wa nkhondo, kapena mwini cuma. Anali mphunzitsi wa malamulo, amene magulu awiri odana anamsankha kuti akhale pakati pao, nakhala pomwepo zaka 12 kufikira tsiku la imfa yace. Odanawo ndiwo eni ace a kampani ya Ford, yopanga magalimoto, ndi anchito ao. Tilemba mbiri yace kuti owerenga aone umo munthu mmodzi, wopanda asilikari ndi wopanda ndende, anakhoza kuweruza mirandu ya anthu zikwi zambiri, iwo namvera.

Kubadwa kwace

Harry Shulman anabadwa pa 14 March 1903 m'mudzi wa Krugloye, pafupi ndi mzinda wa Mogilev, m'dziko limene masiku aja linali m'manja mwa mfumu ya Russia, koma lero ndilo Belarus. Makolo ace anali Ayuda. Masiku amenewo Ayuda a ku Russia anali m'mabvuto akuru: lamulo la mfumu linawaikira malire a dera lokhalamo, m'masukulu akuru analandiramo ana ao owerengeka okha, ndipo kawiri kawiri makamu a anthu anagwera midzi yao, nafunkha katundu, napha anthu. M'caka comwe ca kubadwa kwace, mwezi wa April, kunacitika kupha kotere ku Kishinev, kumene anafa Ayuda oposa 40. Cifukwa ca izi ambiri anasiya manda a makolo ao, naoloka nyanja kunka ku America.

A banja la Shulman anaoloka m'caka ca 1912, namanga m'mzinda wa Providence, m'cigawo ca Rhode Island. Harry anali ndi zaka 9, mwana wa alendo, woyenera kuyamba ciyambire kuphunzira cinenero ca eni dziko. Koma anali wa nzeru ndi wa khama, kotero kuti m'caka ca 1923, ali ndi zaka 20 zokha, anatsiriza maphunziro pa sukulu yaikuru ya Brown, m'mzinda womwewo.

Maphunziro ace a malamulo

Atacoka ku Brown analowa sukulu ya malamulo ya Harvard, natsiriza m'caka ca 1926, naonjezanso caka cimodzi ca maphunziro apamwamba. Pambuyo pace anagwirako nchito ya uloya ku New York. Tsono m'caka ca 1929 anaitanidwa ku Washington akhale mthandizi wa Louis Brandeis, mmodzi wa oweruza 9 a Bwalo Lalikuru la dziko lonse la America.

Tiyenera kuimapo pang'ono pa Brandeis, pakuti mnyamata aphunzira kwa mkuru amene amsenzera cikwama. Brandeis ndiye Myuda woyamba kukhala pa bwalo lija, kuyambira caka ca 1916. Asanakhale woweruza anachuka ndi kuimira anthu wamba. M'caka ca 1910, pamene osoka zobvala a ku New York ananyanyala nchito, iye anathandiza kulemba cipangano ca mtendere pakati pa iwo ndi owalemba nchito. Ndipo m'cipanganomo anaikamo bwalo lao lao la anthu osankhidwa, lomva mirandu yao, kuti asathamangire kunyanyala kapena kusumirana kwa boma. Anali munthu wosafuna kuweruza kanthu asanadziwe bwino umo zinthu zikhalira kumene anthu agwira nchito. Mtima womwewo tidzauona mwa wophunzira wace.

M'caka ca 1930 Shulman anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya malamulo ya Yale, m'mzinda wa New Haven, ndipo sanacokapo moyo wace wonse. Anakwera pang'ono pang'ono, kufikira m'caka ca 1940 anampatsa mpando wa Sterling, ndiwo ulemu waukuru wa aphunzitsi a pa Yale. Anaphunzitsa malamulo a mirandu ya munthu wopweteka mnzace kapena womuonongera katundu, ndipo pamodzi ndi mnzace Fleming James anatulutsa buku la mirandu yotere m'caka ca 1942. Koma cimene cinamveketsa dzina lace sicinali m'kalasi ai. Cinali ku Detroit, ulendo wa mamailo oposa 500.

Udani wa ku Ford

Kuti timvetse nchito imene anaitanidwira, tiyambe tafotokoza udani umene anaupeza. Henry Ford ndiye anachukitsa kapangidwe ka galimoto pa mzere woyenda, m'caka ca 1913. Wanchito aima pamalo pamodzi, galimoto yosatha imfikira pa lamba woyenda, iye naikapo citsulo cace cimodzi, ndipo galimotoyo ipitirira kwa mnzace. Potero magalimoto anacuruka natsika mtengo. M'caka ca 1914 Ford analengeza malipiro a madola 5 pa tsiku, ndiwo ngati kawiri a masiku aja, ndipo dziko linamtama. Koma pa mzere wotere liwiro la manja a munthu liri m'manja mwa iye wotembenuza makina. Ndipo Ford anakana konse kuti anchito ace akhale ndi bungwe lowalankhulira. Anali ndi gulu la alonda ndi azondi, mkuru wao Harry Bennett, ndipo munthu womveka alikunena za bungwe anacotsedwa nchito.

Pa 7 March 1932, m'masiku a njala ya nchito, khamu la anthu osowa nchito linayenda kunka ku fakitale yaikuru ya River Rouge ku Dearborn, pafupi ndi Detroit. Apolisi ndi alonda a kampani anaomba mfuti, ndipo anthu 4 anafa tsiku lomwelo. M'caka ca 1935 boma linaika lamulo lopatsa anchito ufulu wa kupanga mabungwe ao, ndipo caka comweco linabadwa bungwe la opanga magalimoto, la United Auto Workers. Kampani ya General Motors inalibvomereza m'caka ca 1937, koma Ford anaumabe mtima. Pa 26 May 1937 Walter Reuther ndi atsogoleri anzace a bungwe anafika pa mlatho wolowera ku River Rouge kudzagawa timapepala. Anyamata a Bennett anawakwapula koopsa pamaso pa ojambula zithunzi, ndipo zithunzizo zinaoneka m'manyuzi a dziko lonse.

Mwezi wa April 1941 anchito a pa River Rouge, pamene panali anthu oposa 80,000, ananyanyala, natseka njira zonse zolowera. Ford anagonja. Mwezi wa May anchito anaponya mavoti nasankha bungwe lija, ndipo mwezi wa June anasainirana cipangano coyamba.

Koma cipangano ca pa pepala sicicotsa cipsera ca mumtima. Kapitao amene dzulo anali kucotsa munthu ndi mau amodzi, lero anayenera kufotokoza cifukwa. Wanchito amene dzulo anali kunjenjemera, lero anafuna kubwezera. Mwezi wa December caka comweco America analowa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo mafakitale a Ford anayamba kupanga ndege ndi zida zina za nkhondo. Atsogoleri a mabungwe analonjeza kuti sadzanyanyala nkhondo iri mkati. Cinkana anatero, anchito a m'zipinda zosiyana anali kutaya zipangizo kawiri kawiri, osafunsa ngakhale atsogoleri ao, pa nkhani ya munthu mmodzi wolangidwa kapena ya liwiro la mzere. Madandaulo anaunjikana, wowamasula panalibe.

Amsankha akhale nkhoswe

M'caka ca 1943 kampani ndi bungwe anapangana kuti afune munthu mmodzi wapadera, wosakhala wa kampani kapena wa bungwe, amene mau ace adzakhala otsiriza pa mlandu uli wonse wa kumasulira cipangano cao. M'Cingerezi anamucha Umpire, ndilo dzina la woweruza masewera a mpira. Anasankha Shulman, amene masiku omwewo anali kuthandiza bungwe la boma loyang'anira mirandu ya anchito m'nthawi ya nkhondo.

Njira ya mlandu inali yotere. Wanchito woona kuti amlakwira anauza woimira bungwe wa m'cipinda cace, ndipo uyu anakamba ndi kapitao. Zikakanika, nkhani inakwera kwa akuru a fakitale ndi a bungwe, zikakanikanso inakweranso, ndipo yokhayo yokanika ponse ponse inafika kwa Shulman. Boma silinamuika pa mpandowo. Anamuika ndi iwo eni, namlipira mbali zonse ziwiri. Ndipo anadziwa kuti tsiku limene mbali imodzi idzaleka kumkhulupirira, nchito yace yatha.

Ife tikafuna dzina la munthu wotere m'cinenero cathu, sitipeza lina loposa la nkhoswe. Woweruza wa boma aona anthu awiri tsiku limodzi, nagamula, ndipo iwo apita yense njira yace, kapena osaonananso. Nkhoswe ya ukwati siitero. Idziwa kuti awiri amene alikukangana pamaso pace adzagona m'nyumba imodzi usiku womwewo, nadzalima munda umodzi m'mawa mwace. Cifukwa cace siifuna kudziwa wolakwa yekha, koma ifunanso kuti nyumba iime. Momwemo kapitao ndi wanchito: mlandu utatha abwerera ku mzere womwewo, wina kulamula, wina kumvera. Kusiyana kwace ndi uku, kuti pa ukwati mwamuna ali ndi nkhoswe yace, mkazinso yace, koma Shulman anali mmodzi wa onse awiri. Ndipo katundu wotere ngolemera koposa.

Iye anagwira nchitoyi ndi mtima umenewu. Anayenda ulendo wa ku Detroit kawiri kawiri, osaleka kuphunzitsa ku Yale. Sanakhuta ndi mapepala okha, koma anafuna kudziwa anthu ndi nchito yao yomwe. Anakamba ndi mbali zonse, ndipo pamene anaona kuti nkhani ikhoza kutha ndi kumvana, anawathandiza apangane okha, osafulumira kugamula. Pa mirandu yaikuru analemba zifukwa za ciweruzo cace m'mau omveka, kuti wanchito wamba ndi kapitao awerenge nazindikire. Pakuti anaona kuti munthu amene mlandu wamgwera akhoza kupirira ngati aona kuti anamvedwa, ndi kuti zifukwa zace zinayesedwa.

Mirandu iwiri ya m'caka ca 1944

Mwa mirandu yambiri imene anaweruza tichulapo iwiri, umodzi wokomera kampani, wina wokomera wanchito.

Woyamba unabuka pamene akapitao anatuma anthu ena ku nchito yosakhala yao ya masiku onse, ndipo woimira bungwe anawauza akane, poyesa kuti cipangano sicilola. Shulman anagamula kuti angakhale kapitao atalakwa, wanchito ayambe wamvera, ndipo dandaulo lace alipereke pambuyo m'njira imene anapangana. Anafotokoza kuti fakitale iripo kuti ipange zinthu, ndipo siikhoza kuima nthawi zonse pamene awiri asiyana maganizo, kudikira kuti atsutsane kufikira wina agonje. Ndiponso kuti ngati yense adziweruzira yekha mlandu wace, njira ya madandaulo ikhala yopanda pace. Koma anaikapo malire: munthu sakakamizidwa kumvera lamulo lomcititsa coipa coletsedwa ndi boma, kapena loika moyo ndi thanzi lace pa ngozi yoposa ya masiku onse. Ciweruzo cimeneci cinafalikira kunja kwa Ford, ndipo ankhoswe ena a anchito ku America anacitsata.

Sitibisa kuti lamuloli liri ndi kuwawa kwace. Pambuyo pace anthu ena ophunzira analitsutsa, nanena kuti liika katundu yense pa wanchito, pakuti iye asenza colakwaco lero, ndipo cilungamo cimpeza patapita miyezi, pamene kampani icita cifuniro cace pomwepo. Mau amenewa ali ndi coonadi cace. Lamulo lotere liima pokhapo ngati njira ya madandaulo iri yoona, ndi woweruza wace saopa kutsutsa wamphamvu. Ndipo apa mlandu waciwiri utionetsa munthuyo.

M'masiku a nkhondo akazi ambiri analowa nchito m'mafakitale, nabvala mabuluku kuti nsaru zao zingakodwe m'makina. Mkazi wina wa pa fakitale ya Highland Park anafika tsiku lina atabvala buluku lofiira kwambiri. Akuru a nchito anamdzudzula, namdula malipiro a theka la ora, ponena kuti cobvala cotere cikopa maso a amuna, ndipo akhoza kupwetekeka pa makina. Ndarama zace zinali zazing'ono ndithu, koma bungwe linakweza nkhaniyo kufikira kwa Shulman, ndipo iye sanaipeputsa. Anapeza kuti panalibe lamulo lolembedwa loletsa mtundu wofiira, ndi kuti mabuluku obiriwira owala anali kuloledwa. Potero cilangoco cinacokera m'maganizo a munthu mmodzi, osati m'lamulo lodziwika kwa onse. Analamula kuti cidzudzulo cifafanizidwe, ndi kuti mkaziyo ambwezere ndarama zace. Anthu aseka pokumbukira mlandu uwu, koma anchito anaphunzirapo kanthu kakakuru: kuti kampani imene kale inacotsa anthu osafunsidwa, tsopano iyenera kuyankha ngakhale pa theka la ora la mkazi mmodzi.

Nchito zina

Tisayese kuti kuyambira pamenepo ndeu inatha. Mwezi wa May 1949 anchito a Ford oposa 60,000 ananyanyala masabata oposa 3 pa nkhani yakale ija ya liwiro la mzere. Potsiriza anapangana kuti nkhaniyo aipereke kwa anthu 3, mmodzi wa kampani, mmodzi wa bungwe, ndi wacitatu wapakati. Ndipo wapakatiyo anakhala Shulman yemweyo. Atatha zaka 6 alikugamula mirandu, mwina motsutsa awa, mwina motsutsa awo, onse anamkhulupirirabe pa tsiku la mkwiyo wao.

Caka comweco iye ndi Neil Chamberlain anatulutsa buku la mirandu ya anchito, lophunzitsira. M'caka ca 1952, nkhondo ya ku Korea iri mkati, boma linamuika atsogolere gulu lofufuza mkangano wa malipiro a osula zitsulo. Ndipo m'caka ca 1954 anamsankha akhale mkuru wa sukulu yonse ya malamulo ya Yale, mwana uja anafika ku Providence ali mlendo.

Mau ace otsiriza ndi imfa yace

Mwezi wa February 1955 anabwerera ku Harvard, kumene adaphunzira, kukakamba pa msonkhano wokumbukira woweruza Oliver Wendell Holmes. Pamenepo anasonkhanitsa zimene adaphunzira m'zaka zonse za ku Ford. Anaonetsa kuti cipangano ca kampani ndi anchito sicifanana ndi ca ogulana mbuzi kapena nyumba, amene asiyana malonda atatha. Cimanga anthu ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo ocilemba sakhoza kuoneratu zonse zimene zidzabuka. Cifukwa cace mudzakhala mipata, imene iyenera kudzazidwa ndi nzeru ndi kukhulupirirana. Anaonetsanso kuti nkhoswe siiri bwalo loikidwa ndi aulamuliro pamwamba pa anthu, koma ciwalo ca kudzilamulira kwao, cokhalapo mwa kufuna kwao. Ndipo iye, mphunzitsi wa malamulo, anacenjeza kuti mabwalo a boma asalowerere msanga m'nkhani zotere, pakuti mtendere wa m'nyumba ya nchito suumirizidwa ndi munthu wakunja.

Pokamba izi anali atadwala kale nthenda ya khansa. Anamwalira pa 20 March 1955, atangokwanitsa zaka 52, asanatha caka cimodzi pa ukuru wa sukulu. Mau ace aja anasindikizidwa caka comweco m'magazini ya malamulo ya Harvard.

Zitapita zaka 5, pa 20 June 1960, Bwalo Lalikuru linagamula mirandu 3 ya bungwe la osula zitsulo tsiku limodzi. Wolemba ciweruzo anali William O. Douglas, amene kale adaphunzitsa pa Yale pamodzi ndi Shulman, ndipo anachula zolemba za mnzaceyo potsimikiza zifukwa zace. Bwalo linalamula kuti pamene kampani ndi anchito apangana kupereka mirandu yao kwa nkhoswe, oweruza a boma awatumize komweko, ndi kuti asasanthule ciweruzo ca nkhoswe cifukwa cokha cakuti iwo akadamasulira cipangano mwina. Sizinayenda monse monga iye adafunira, pakuti mabwalo analowamo ndithu. Koma polowa anaimika mpando wa nkhoswe, osaulanda.

Imeneyi ndiyo mbiri ya Harry Shulman. Anabadwira kumene wofooka analibe bwalo lomumvera, natha moyo wace alikusunga bwalo limene wofooka ndi wamphamvu anakhala pa mphasa imodzi. Ali yense wa ife amene aitanidwa kukhala pakati pa awiri, kapena pa ukwati, kapena pa malire a munda, kapena pa nchito, akumbukire macitidwe ace: kumva mbali zonse kufikira zitatha, kusapeputsa mlandu wa munthu wamng'ono, kufotokoza zifukwa kwa iye amene mlandu wamgwera, ndi kusaiwala kuti awiriwo adzaonananso m'mawa.